Tili Pambuyo Panu, Bwana

Pali bodza limodzi limene anthu a pa Utale, ku Balaka, amalinena ndi mtima woyera zaka zisanu zilizonse, ndipo bodzalo ndi lakuti: "Tili pambuyo panu, bwana." Amalinena Lolemba kwa shado wobwera ndi nsalu zachikasu, Lachitatu kwa wa nsalu zabuluu, Loweruka kwa wa tambala wakuda, ndipo woima payekha akatulukira pa kabaza dzuwa litapendeka, nayenso samanidwa mawu omwewo. Amayi ovina ndi omwewo, ng'oma ndi yomweyo, nyimbo ndi yomweyo, amangochotsamo dzina n'kulowetsamo lina. Akatswiri a m'tauni, aja amatidzutsa pa wailesi m'mawa, amati izi zikusonyeza kuti wovota wakumudzi ndi wogulika ndipo sadziwa chimene akufuna. Ine ndikuti akatswiriwo sanaionetsetse nkhaniyi. Munthu wa pa Utale amadziwa bwino lomwe chimene akufuna. Chimene sangathe n'kukana mlendo maso ndi maso. Ndipo chisankho, m'mene chimayendera kuno, ndi njira yokhayo imene dziko linatikonzera yoti Mmalawi akane munthu wamkulu koma ulemu osataya.

Tiyambire pa mphatso. Kwathu kuno mlendo akatambasula dzanja, umalandira ndi manja awiri, zofunsa pambuyo. Wokana mphatso amasiya mafunso m'mudzi: akudzimva chiyani, adadya chiyani, kapena ali ndi ena amene akumupatsa zambiri? Ndiye taganizani mayi amene wakana nsalu yabuluu pamaso pa agulupu, pamaso pa apongozi ake ndi anzake a kumpingo. Mayiyo waulula voti yake kudakali mwezi wathunthu, ndipo ngati abuluuwo apambana, dzina lake lidzavuta kupezeka pa mndandanda wa chimanga. Koma amene walandira nsalu zonse palibe angamuloze chala. Choncho kulandira kwa aliyense ndi chinsinsi cha voti chimene anthu anadzipangira okha, bungwe la MEC lisanafike n'komwe ndi makatoni ake. Mukafuna umboni, imani pa chigayo tsiku la msika. Mudzaona mayi atavala nsalu ya chipani china, mwana atamubereka ndi ya chipani china, kumutu duku la chipani chachitatu, ndipo ufa wake waphimbidwa ndi nkhope ya mtsogoleri amene anagonja kalekale. Nkhope zina zikutchinga zenera, zina zikusefa thobwa, ndipo zina, zimene telala sanaziganizire bwino podula, zimakhaliridwa pansi tsiku lonse. Kumalo kumene ngakhale maparishi a dzina limodzi alipo awiri, Utale 1 ndi Utale 2, palibe amene amadabwa kuti munthu mmodzi ali ndi zipani zinayi m'thumba la zovala.

Kalembera amaonetsa khalidwe lomweli, koma mbali ina. Kuyambira 2017, pamene bungwe la NRB linalemba Amalawi m'dziko lonse, chiphaso cha unzika ndicho chinasanduka khomo lolowera kulikonse, ndipo pa kalembera wa 2024, amene anachitika m'magawo atatu kuyambira Okutobala mpaka Disembala, munthu amayenera kukhala wolembedwa ku NRB kuti alowe m'kaundula wa voti. Anthu pafupifupi 7.2 miliyoni analembetsa. Koma chiwerengerocho sichinena m'mene Mmalawi amalembetsera. Masiku oyamba alembi amagona tulo pansi pa mtengo wa mango pasukulu, makina ali pamwendo, kukubwera agogo awiri ndi mbuzi. Anthu amadutsa, kupereka moni, kufunsa ngati makinawo akugwiradi ntchito, n'kulonjeza kuti abwera mawa. Tsiku lomaliza, dzuwa likulowa, mudzi wonse umafika nthawi imodzi, wina ali ndi khasu paphewa, ndipo onse amagwirizana kuti boma lapereka masiku ochepa dala. Akachilandira chiphaso chovotera, chimakulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga, n'kulowetsedwa pakati pa Baibulo kapena pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi ya kusikelo ya mwana ndi lisiti ya thonje la chaka chatha.

Apa wina anena kuti ambiri amalembetsa chifukwa cha mphekesera yoti wopanda chiphaso chovotera sadzalandira feteleza kapena chimanga, osati chifukwa chokonda demokalase. Mphekeserayo ndi yabodza, koma woikhulupirira si wopusa. Boma lenilenilo ndi limene linamuphunzitsa kuti kaundula aliyense amatha kubala thumba. Feteleza wotsika mtengo amagulidwa ndi chiphaso cha unzika, Mtukula Pakhomo amayendera mndandanda wa mayina, ndipo chaka cha njala, chimene ku Balaka sichichedwa kubwereranso chifukwa mvula ya kuno ndi yosapanganika, chimanga chimatsata mayina olembedwa. Munthu amene anaonapo mnzake akusenza thumba chifukwa choti tsiku lina anaima pa mzere, iye ali kumunda, sadzalolanso mzere uliwonse kumudutsa. Ngati njala yamufikitsa pa tebulo la mlembi, palibe cholakwika. Lamulo limafunsa ngati wakwanitsa zaka 18 ndiponso ngati ndi nzika, silifunsa chimene chamudzutsa.

Otsutsa ena amabwera ndi lamulo m'manja, ndipo akunena zoona. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota. Koma lamulo lomwelo linasiya kakhomo kotsegula: nsalu ndi matisheti ndi zipangizo za kampeni, ndipo kubweza ndalama yoyendera kwa obwera kumsonkhano si mlandu. Ndiye chifukwa chake masiku 60 a kampeni, munthu amene nyumba yake yayang'anana ndi bwalo la msonkhano amalandira "ya thiransipoti" ngati wachokera ku Nayuchi. Funso lenileni si lakuti ndalamayo imaperekedwa kapena ayi. Funso n'lakuti imagula chiyani. Voti ikanakhala yogulika, wokhala ndi thumba lalikulu sakanagwa, ndipo palibe thumba loposa la amene ali m'boma. Komatu Kamuzu Banda, amene amayi a dziko lonse anamuvinira zaka 30, anagonja pa 17 Meyi 1994. Joyce Banda anagawa chimanga, ng'ombe ndi nyumba, misonkhano yake inkadzaza, koma mu 2014 anathera pa nambala yachitatu. Peter Mutharika anatuluka m'boma pa chisankho cha pa 23 Juni 2020, ndipo Lazarus Chakwera, amene anamutulutsayo, anamubwezera mpando womwewo mu Seputembala 2025. Ku Nyumba ya Malamulo nkhani ndi yomweyo: aphungu ambiri sabwererako, ndipo mu 2019 oima paokha oposa 50 anapambana, ambiri mwa iwo atakanidwa ndi zipani zawo pa zisankho zachipulula. Amene amagulitsa katundu koma katunduyo osamupereka, sitinganene kuti wagulika. Wangotsata mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo amene wapusa pamalondawo ndi wogula.

Tsiku loponya voti ndi pamene zonsezi zimaonekera poyera. Pa 16 Seputembala 2025, Lachiwiri, anthu anayamba kundandama kusanache, kudikira kuti 6 koloko ikwane. Patsikuli zovala za chipani siziloledwa pamalo ovotera, choncho aliyense amabwera ndi zovala za kutchalitchi kapena za kumzikiti, nkhope ili phee ngati sanavinepo chibadwire. Ulemu umayenda pamzerepo monga mwa masiku onse. Okalamba, oyembekezera ndi obereka ana amatsogozedwa, ndipo n'chifukwa chake khanda limodzi lofatsa limatha kuvota kangapo m'mawa umodzi, pamisana yosiyanasiyana, mpaka wapolisi atayamba kulizindikira chipewa. Abwana opuma pantchito ya boma, amene anabwerera kumudzi ndi jekete, amafika kutsogolo n'kunena kuti akungofuna kufunsa kanthu, ndipo kanthuko amakafunsira m'kati mpaka kutuluka chala chili ndi inki. Palibe amawadzudzula mokweza. Amangoti, "Apiteni bambo, mwina ali ndi changu," kenako n'kuwadya miseche mpaka masana.

Koma munthu akangolandira mapepala atatu aja, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, n'kulowa kuseri kwa katoni, ulemu wonse umatsala panja pamodzi ndi njinga. Mmenemo mulibe moni, mulibe kugwada, mulibe amfumu. Mayi amene usiku wa dzulo lake anauzidwa ndi mwamuna wake pochonga, iye n'kuyankha kuti "Ndamva, bambo a mwana," waima yekha ndi cholembera pamaso pa mayina 17 a ofuna upulezidenti, onse akumwetulira ngati ali naye ngongole. Mnyamata amene anakwera lole ya shado mwezi wonse, kukuwa mpaka mawu kusasa, ali yekha. Amachedwamo pang'ono, ndipo kuchedwako si umbuli ayi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akunena kuti "zikomo bwana" kwa kalaliki wa pamsika wa thonje amene wamutsitsira giledi, kwa kondakitala, kwa aliyense wokhala kuseri kwa tebulo, safuna kuithamangira mphindi imene bwana ali pansi pa cholembera chake.

Pali chitsutso china cholemera, chakuti chinsinsi chonsechi n'chachabe chifukwa anthu amavotera wakwawo basi. Sindikana kuti magazi amakoka. Balaka inali mbali ya boma la Machinga, kwawo kwa Bakili Muluzi, mpaka 1998 pamene inakhala boma palokha iye ali pulezidenti, ndipo zaka zambiri chikasu chinali ngati yunifolomu ya dera lino. Koma chipani cha UDF, chimene chinapeza mipando 85 mu 1994, chinatsala ndi 10 mu 2019. Anthu ake sanasamuke, sanasinthe mtundu, ndipo nsalu zachikasu akadali nazo. Anangopitiriza kuvina n'kumachonga pena. Wakwanu amakhala ndi mwayi woyamba, izi n'zoona, koma mwayiwo umatha, ndipo ukatha palibe amamuuza.

Chimene sindingachiteteze ndi mtengo wake wa masewerawa. Wovota amene amatengeratu zake chisankho chisanachitike amakhala wavomereza kuti pambuyo pake sadzaona kanthu, ndipo phungu amene analipira "ya sopo" amadziona ngati ngongole anamaliza. Zotsatira zake phungu wa kuno amayezedwa ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi odwala amene galimoto yake yawatengera ku chipatala cha Balaka, pamene ntchito yopanga malamulo ndi kulondoloza ndalama za boma palibe amaifunsa. Msewu umakhalabe wafumbi, Rivirivi akadzaza anthu amadikira kutsidya, ndipo sitima za malasha zimadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala anthu akuziwerenga mabogi. Komabe tikamagawa mlandu tigawe mwachilungamo. Pabwalo paja pamakumana mabodza awiri: shado amalonjeza phula, mlatho ndi mtengo wabwino wa thonje, anthu n'kulonjeza voti. Bodza la anthu limamudyera shado ndalama zake za miyezi iwiri, pamene bodza la shado limawadyera anthu zaka zisanu. Ndipo pamene chisankho chinaonongekadi, mu Meyi 2019, mpaka khoti n'kuchifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, amene anagwira Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira sanali mayi wa nsalu zinayi uja. Anali anthu odziwa kulemba, okhala kuseri kwa matebulo.

Usiku wowerenga mavoti ndi umene umamaliza maphunziro a shado. Mavoti amawerengedwa pomwepo m'kalasi, mamonitala a zipani akuyang'ana, zotsatira n'kumatidwa pakhoma kuti aliyense aone. Shado amene anapha ng'ombe pamudzipo, amene anawerenga mitu ya anthu pamsonkhano n'kuyamba kusoketsa suti ya ku Lilongwe, amapeza kuti mavoti ake pamalopo sakukwana ngakhale chiwerengero cha mamonitala amene iye mwini anawalipira. M'mawa mwake anthu amafika kunyumba kwake mmodzimmodzi, nkhope zili zachisoni ngati pamaliro, kukhala pamkeka n'kunena kuti, "Pepani bwana, atibera." Iye amakhulupirira, chifukwa onse amene akumupepesawo akulumbira kuti anamuvotera, ndipo amagulitsa galimoto yotsala kuti alipire loya wokapereka madando kukhoti. Wopambana naye ali ndi lake vuto. Pofika Lachisanu, anthu amene afika pakhomo pake kudzamukumbutsa kuti anamuvotera, wina ndi lisiti ya fizi, wina ndi uthenga wa maliro, wina akungofuna malata asanu ndi limodzi, amakhala ataposa chiwerengero cha onse olembetsa m'deralo. Sabata yotsatira olemekezeka amasintha nambala ya foni.