Katswiri wa Mavidiyo Agonja kwa Msungichuma

Kunyumba kwanga kuli lamulo losalembedwa, koma ngakhale mlendo wa tsiku limodzi amalimva asanalandire madzi akumwa: akabaya fulashi ya nyimbo pa TV, rimoti isapezeke m'manja mwa abambo. Mlandu wanga ndi wakuti anzanga akamavina, ine ndimawerengera kuti chithunzi chasintha kangati woimba asanamalize ndime yoyamba. Ndikaona pondidolola ndimaimitsa, n'kubweza, n'kuyamba kuphunzitsa anthu omwe sadalembetse sukulu yanga.

Ukatswiriwu sindidautenge ku koleji. Ndidautola ku vidiyo shoo ya pamsika, kale dziko lino lisanakhale ndi kanema wakewake, paja TVM idayamba mu 1999. Filimu ya karati isanayambe, mwini shoo ankaika kaye tepi ya Kanda Bongo Man kuti kwasakwasa aitane makasitomala. Ine wopanda yolowera ndinkaonera pa kabowo ka chiguduli chotchingira zenera. Munthu woonera pa kabowo amazindikira msanga kuti zomwe diso likuona ndi zomwe wina walilola kuona. Ena maphunziro amenewa amalipirira fizi, ine ndidalipira ndi khofi la mlonda.

Tsono mverani, poti inu simungandilande rimoti. Tengani Thriller ya Michael Jackson, yomwe John Landis adajambulitsa mu 1983, yotalika pafupifupi mphindi 14. Ambiri amangokumbukira mizukwa ikuvina. Koma mwaonapo kuti nyimboyo adaisanja mwina, mosiyana ndi ya pa chimbale? Ndime zonse Jackson amaziimba motsatizana akuyenda ndi chibwenzi chake mumdima, kolasi adaibisa kaye. Amakusiya ukuidikira mpaka manda atseguke, mizukwa ivine, kenako ndiye aitulutse. Pa gule pajanso kamera imabwerera m'mbuyo kuti uone thupi lonse mpaka kumapazi, chifukwa wodziwa kuvina safuna kumubisira miyendo. Mukaona vidiyo yomwe chithunzi chikungodumphadumpha pa nthawi ya gule, dziwani kuti pali wina akubisidwa.

Nanga anyamata a ku Norway aja, a-ha? Nyimbo yawo ya Take On Me idatuluka koyamba mu 1984, dziko silidatekeseke. Ataikonzanso n'kuijambulira vidiyo ina mu 1985, momwe mtsikana amakokedwa kulowa m'kabuku ka zithunzi za pensulo, idakwera mpaka pa nambala 1 ku America. Zithunzizo, pafupifupi 3,000, anthu adachita kuzilemba pamanja potsatira zomwe kamera idajambula, ntchito ya miyezi ingapo. Ine kulemba dzina langa lokha pa fomu ya kubanki ndimapempha pepala lachiwiri.

Komano omwe amandigwira mtima kwambiri ndi osawononga ndalama. Mu 2006 gulu la OK Go lidaika kamera pamalo amodzi, n'kuvina pa makina asanu ndi atatu othamangirapo a ku jimu, osadula ngakhale pamodzi, ndipo lidatenga Grammy ndi vidiyoyo. Mu 2008 Beyoncé adatulutsa Single Ladies: ovina atatu, khoma lopanda kanthu, chithunzi chakuda ndi choyera. Podula palipo, koma umafunika maso ngati angawa kuti upapeze. Apa ndi pomwe pagona chiphunzitso changa chonse: wolumikiza zithunzi ali ngati telala, ukaona msoko kuchokera kutali ndiye kuti ntchito yamukanika.

Chiphunzitso chimenechi chidakumana ndi kwaya ya amayi a kumpingo kwathu. Atasonkherana zojambulira vidiyo, mayi a kunyumba, kaya mwachikondi kaya pofuna kundikhaulitsa, adauza anzawo kuti, "Paja abambo kwathu amadziwa zonse, tiyeni tiwaitane." Ndidapita nditavala jekete, cholembera chili kukhutu.

"Amayi," ndidatero, "tijambule kamodzi kokha osadula. Kumbuyo khoma basi, chithunzi chakuda ndi choyera."

Amayi apampando adandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Abambo, mayunifolomu anayi tidasoketsa aja adzawaona ndani? Ndiye zakuda ndi zoyerazo, kodi tamwalira?"

Msonkhano udagwirizana kuti maganizo anga ndi abwino kwambiri, ndipo udandipatsa udindo wonyamula sipika.

Tidakwera minibasi wa ku Salima. Ndime yoyamba idajambulidwa m'mbali mwa nyanja, amayi atavala zabuluu, mphepo ikulimbana ndi maduku. Yachiwiri pa maluwa a hotelo ina, mwachangu, mlonda asanamalize tiyi. Yachitatu adatsamira galimoto ya munthu yemwe mpaka lero sakudziwa kuti adatumikirapo Mulungu. Ine m'mbuyo mwa kamera, sipika paphewa, ndikuthamanga chafutambuyo mumchenga kuti milomo ya oimba igwirizane ndi mawu. Siidagwirizane.

Sukulu yeniyeni ndidakaipeza ku situdiyo. Mnyamata wolumikiza zithunzi adali ndi laputopu, ndipo pambali pake, m'malo mwa mawu a nyimbo, padali kope la amayi msungichuma. Ndidamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji mukudula pakati pa liwu? Dikirani ng'oma igunde." Iye osacheuka n'komwe adati, "Madala, ng'oma sidasonkhe."

Ndipo adandionetsa dongosolo lake. Yemwe adamaliza chopereka, nkhope yonse pafupi, ndolo zikuoneka. Wolipira theka aoneke cham'mbali, pagulu. Wangongole, phewa lokha. Amayi abusa aoneke m'ndime iliyonse, zimenezo sitikambirana. Masekondi a apampando asaposedwe ndi a achiwiri awo, apo ayi kwaya igawikana pawiri Pasaka isanafike. N'chifukwa chake mayi amayamba liwu ali m'madzi atavala zabuluu, n'kulimaliza ali pa maluwa atavala zachikasu. Pakati pa ziwirizo chithunzi chimatuluka mu mtima wofiira, china mu nyenyezi, china chimasweka n'kuulukira kumwamba ndi nkhunda. Nditadandaula, adati pulogalamuyo ili ndi masitayilo ambiri, ndipo kasitomala akaona atatu okha amaganiza kuti wamubera.

Ndidabwerera kunyumba ndikudziuza kuti vidiyoyo palibe adzaionere. Ma DVD adatha Lamulungu loyamba lomwe, otsala adachita kukaikitsa m'mamemori. Idafika mpaka ku Johannesburg pa WhatsApp, kwa ana omwe adachoka kalekale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa za milomo yochedwa. Onse ankangofuula chimodzi: "Amayi awo! Amayi awo!" John Landis ankadula kuti nkhani iyende. Mnyamata wathuyu amadula kuti mumpingo mukhale mtendere, ndipo pa ntchito ziwirizi sindikukhulupirira kuti Landis akadaitha yachiwiriyi. Mizukwa yake ija sidamuimbirepo foni usiku kufunsa chifukwa chomwe mnzake waoneka kawiri.

Dzina langa lilimo kumapeto, pansi pa la dalaivala wa minibasi. Pa ndime yachitatu, mukayang'anitsitsa pa chitseko cha galimoto ija, muona chithunzithunzi cha munthu wosenza sipika, lilime lili panja. Otsutsa ena akuti ndi malo okhawo m'vidiyo monse omwe akuonetsa choonadi.

Pano abambo a kumpingo nawonso akuti sangagonje, ajambula yawo mwezi wamawa. Maganizo a khoma lopanda kanthu ndawasiya kaye m'jekete. Chopereka ndamaliza ndisanakumbutsidwe, ndawonjezapo ya fanta ya mnyamata wa laputopu, ndipo tagwirizana ndi aphunzitsi a kwaya kuti ine ndizingotsegula pakamwa, mawu atulutsa ena. Ikatuluka, yang'anani wa tayi yofiira pa ndime yachiwiri. Ndalonjezedwa masekondi asanu, komanso nkhunda.