Fodya wa Pachala ndi Kaundula wa ku Mutorashanga

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anthu a ku Mutorashanga, m'dziko la Zimbabwe, safuna wowamasulira mwambi umenewu. Agogo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzakumba chrome m'mapiri a Great Dyke ndi kudzathyola fodya m'mafamu ozungulira Mvurwi, Banket ndi Raffingora. Fodya amene anadutsa m'zala zawo ndi wosawerengeka. Wofika pamphuno anali wa m'kachitini basi, wina yense ankapita ku okushoni ku Salisbury, Harare wa lero.

Zidzukulu zawo zili ndi fodya wa mtundu wina, dzina lake faelo. Tiyerekeze bungwe la maliro, limodzi mwa aja anayambitsa makolo poopa kuikidwa ngati alendo m'dziko la eni. Kale kaundula wa zopereka anali m'buku lachikuto cholimba, mpaka chiswe chinadya mayina onse oyamba ndi B. Lero kaundula ali pa kompyuta, ndipo omugwira ndi atatu. Alembi ndi aphunzitsi a pomwepo, laputopu yawo ndi yokalamba moti mphwawo anachotsamo Windows n'kuikamo Ubuntu kuti ipumeko. Asungichuma amagwira ntchito ku Harare, pa Windows. Mwana wamkazi wa apampando ali ku Johannesburg ndi MacBook, ndipo poti ndiye amatumiza ndalama zambiri, palibe angamuuze kuti makina akewo ndi amatama. Onse akufuna kuti wina akalemba kuti a Phiri alipira, enawo aone pompo.

Mwa malo osungira mafaelo pa intaneti, Google Drive ndi wowolowa manja: 15 GB ulere, ngakhale malowo mumagawana ndi makalata a Gmail ndi zithunzi zonse za zinkhoswe. Pa Windows ndi pa Mac pulogalamu yake ilipo. A Linux, banja la Ubuntu, anauzidwa mu 2012 kuti adikire pang'ono, ndipo mwana amene anabadwa chaka chimenecho tsopano mawu ayamba kukula, aphunzitsi akudikirabe. Angatsegule kudzera pa intaneti, kapena alimbane ndi pulogalamu ya rclone ngati mphwawo uja ali pafupi. OneDrive imapereka 5 GB, ndipo pa Windows simuiitana, mumangoipeza yakhala kale pampando ikufunsa ngati isunge zithunzi zanu. Koma ku nyumba ya Ubuntu siipondako. iCloud nayo 5 GB, ndi ya banja la Apple: Windows imaipatsa moni wa kumapeto kwa zala, Linux imaidutsa ngati sinaione.

Mwa odziwa kulowa m'nyumba zonse zitatu muli Dropbox ndi MEGA. Dropbox ndi waulemu koma woumira, 2 GB yokha, ndipo kuyambira 2019 akaunti yaulere imalola zipangizo zitatu. Alembi, asungichuma, mwana wa ku Joni, malo atha. Foni ya apampando ikhale panja, nkhani imene palibe angayerekeze kukawauza. Njira yake ndi yakuti aliyense atsegule akaunti yake, agawane foda imodzi. MEGA imapereka 20 GB ndipo imatseka mafaelo mwakuti ngakhale eni kampani sangawerenge. Ubwino wakewo ndiye msampha wake: mukaiwala pasiwedi, n'kutayanso kiyi yobwezeretsera, palibe ofesi yokadandaulako. Kumbukiraninso kuti amene anaiyambitsa, Kim Dotcom, anali ndi ina yotchedwa Megaupload, imene boma la America linatseka tsiku limodzi mu January 2012, mafaelo a osalakwa n'kupita limodzi ndi a olakwa.

Apa ndipo mwambi uja umaluma. Mapulogalamu ambiri masiku ano, pofuna kusunga malo, amakuonetsani dzina la faelo pamene faeloyo ili kutali, m'nyumba ya makompyuta ya kampani, mwina kutsidya kwa nyanja. Mukuona Kaundula walembedwa bwinobwino pamaso panu, mtima uli m'malo. Ndiye maliro agwa Loweruka usiku. ZESA yatenga magetsi ake kuyambira m'mawa, bandulo ya Econet inatha dzulo poonera mpira, wopala bokosi akufuna kudziwa ngati malemu anali wolipira. Aphunzitsi adina faelo ija ndi batire yotsala pang'ono, kachizindikiro n'kumangozungulira. Ameneyo ndi fodya wa pachala. Wa pamphuno ndi faelo imene munaiuza pulogalamu kuti ikhale mu laputopu momwemo nthawi zonse, intaneti ilipo kapena palibe. Ndi kabatani kamodzi, koma ambiri amakaphunzira pa siwa.

Kulunzanitsa kumene tikukufunaku kulinso ndi khalidwe lake. Pulogalamu imamvera kwambiri moti siifunsa ngati mwaledzera. Mdzukulu akafufuta foda ku Mutorashanga pofuna malo a masewera, imafufutika ku Harare, imafufutika ku Johannesburg, mwadongosolo, mosakondera. Mwayi ndi wakuti pa Dropbox ndi Google Drive zofufutidwa zimakhala m'bini masiku 30. Ndipo awiri akasintha faelo imodzi, wina alibe netiweki, Dropbox siiweruza mlandu: imasunga zonse ziwiri, ina n'kuitcha conflicted copy. M'kaundula mmodzi a Phiri analipira mpaka June, mwa winayo ali ndi ngongole ya miyezi inayi. A Phiri eniakewo ali gone m'nyumba, sangathe kufotokoza.

Makampani nawonso amafa kapena kusintha mtima. Ubuntu One, imene nayo inkasunga mafaelo, inatsekedwa mu 2014. Mu March 2021 moto unapsereza nyumba ya makompyuta ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ndipo ena amene ankati zawo zili pabwino anapeza kuti pabwinopo ndi phulusa. Google inalengeza kuti kuyambira December 2023 akaunti yosagwiritsidwa ntchito zaka ziwiri ikhoza kufufutidwa. Mukafuna malo olipira, akufuna khadi lakubanki lolipira m'madola mwezi ndi mwezi, osati ndalama ya ZiG ya m'thumba.

Komabe sindingavomere kuti mphuno ndi yodalirika chonchi. Amene anali m'mafamu pamene ankalandidwa mu 2000 akudziwa kuti munthu ukhoza kusamutsidwa ndi mbale ndi bulangete, mapepala n'kutsala kudenga la nyumba ya pakomboni. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a obwera ali opanda dziko, chitupa chikuwatcha alien m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a 2013 anatsegula khomo kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma kalaliki wa kaundula wa boma amafuna pepala, safuna mbiri ya banja. Chithunzi cha chitupa cha agogo sichilowa m'malo mwa chitupa, koma chimasunga nambala, ndipo nambala imafupikitsa maulendo a ku Chinhoyi. Pamenepo mphepo ndiyo imathandiza, chifukwa chimene chili ku mphepo moto wa m'nyumba suchipeza.

Ndiye bungwe lija ine ndingaliuze kuti litenge Dropbox, poti kaundula ndi zithunzi za zitupa sizidzaza 2 GB, makanema a gule apite ku MEGA. Faelo ikhale mu laputopu iliyonse, ndipo pakutha pa mwezi alembi aikopere pa fulashi, asindikizenso pa pepala.

Chotsala ndi pasiwedi. Pamsonkhano wotere sipalephera mkulu wina kuimirira n'kufunsa: "Pepani apampando, kodi kanambala kotsegulira kaja kamabwera pa foni ya ndani?" Yankho n'lakuti pa foni ya aphunzitsi. "Nanga aphunzitsiwo si membala wa bungwe lino?" Ndi membala, ndipo salumpha mwezi. "Zikomo. Ndiye tsiku lawo likadzafika, tidzawadzutsa kuti atiwerengere?"