Mbozi Ndiye Mboni

Tomato wa ku Nsanje ali ndi adani awiri, mbozi ndi dzuwa. Akapulumuka mbozi kudimba, dzuwa la mu Okutobala limakamudikirira pamsika, ndipo kuno kukati kutenthe kumapitirira madigiri 40 osapempha njira kwa munthu. Tomato wothyola Lolemba, pofika Lachitatu amakhala atayamba kale kudziphika yekha m'dengu. Ndiye musadabwe kuti mlimi ndi venda, anthu amene sagwirizana pa mtengo, amagwirizana pa sipuleya.

Pamsika wa Bangula mayi wina anatola tomato, n'kuona kaufa kotuwa kali mbuu pakhungu pake.

"Mayi, tomatoyu watuwa chonchi bwanji?"

"Wadzola paudala, asisi. Ndi kutentha kuno inuyo simudzola?"

"Paudala wanji?"

"Dithane. Tengani, ameneyu sabata yathunthu osaola. Bambo a kunyumba akhoza kukuthawani, koma tomatoyu akhala."

Anagula milu iwiri.

Dithane ndi mankhwala oteteza mbewu ku chiwawu, ndipo chimene chimagwira ntchito m'kati mwake ndi mancozeb. Malo ake ndi kumunda, tomato akadali pamtengo. Koma alimi ena amathira dzulo lake la tsiku lothyola, ena amawaza ali kale m'dengu, ati kuti asaole msanga. Mayiko a European Union anagamula mu 2020 kuti mancozeb asagwiritsidwenso ntchito kwawo. Kuno kaufa komweko kanasanduka chidindo cha tomato wolimba, moti ogula ena akapanda kukaona amabweza tomato pamulu.

Mnyamata wina wogulitsa pafupi ndi depoti anaona kuti anzake a tomato wotuwa akutsiriza msanga pamene wake wofiira bwinobwino akungomuyang'ana. Ndalama ya Dithane analibe. Anakatapa ufa woyera m'lichero la mayi ake n'kuwaza. Pofika masana anali atagulitsa yense. Tsiku limenelo pamsika wonse tomato wosaopsa kudya anali wa munthu wabodza.

* * *

Chigwa cha Shire ndi kwawo kwa thonje, ndipo thonje ndi mbewu yakumwa mankhwala kuyambira kale: cypermethrin, dimethoate, carbaryl. Nyengo ikatha, m'botolo mumatsalako. Mlimi wa kuno sataya chinthu chimene anachitenga pa ngongole. Madzi akaphwa n'kuyamba ulimi wa kudimba, kotsala kaja kamatsikira ku mpiru ndi repu.

Amalume anga a kwa Tengani ndinawapeza akusakaniza.

"Amalume, amenewa si a thonje?"

"Nsabwe za pathonje ndi za pampiru zinakuuza kuti n'zosiyana mtundu?"

"Koma thonje sitidya."

"Iwe, ndi mitengo ya thonje ya masiku ano, posachedwa tiyamba kudya."

Muyeso wawo ndi kachivindikiro ka botolo. Kamodzi n'ka mbozi zaulemu. Tiwiri n'ta mbozi zamwano. Titatu amathira akakangana ndi azakhali.

Amenewo bola, botolo lawo lili ndi pepala, ngakhale kuti linalembedwa Chingerezi cha tizilembo tofuna magalasi. Pa tsiku la msika mumapezeka ogulitsa mankhwala otapa m'timabotolo topanda dzina, ena ochokera kutsidya kwa malire. Boma linakhazikitsa Pesticides Control Board potsatira lamulo la mu 2000, likulu lake lili ku Bvumbwe, ndipo lamulolo limafuna kuti mankhwala akhale olembetsedwa, ogulitsa akhale ndi chilolezo, botolo likhale ndi pepala lake. Kuchokera ku Bvumbwe kukafika ku Marka ndi mtunda, ndipo wa timabotolo ali ndi njinga.

Ndinamufunsa mmodzi kuti, "Achimwene, amenewa dzina lake ndi chiyani?"

"Dzina mukufuna mukawabatize? Nunkhizani."

Ndinanunkhiza. Misozi inalengeza.

"Mwaona? Orijino."

* * *

Mlangizi wina wachinyamata, wongofika kumene m'dera la zaulimi la Shire Valley ADD, anasonkhanitsa alimi pansi pa mtengo wa nimu. Anafotokoza bwino ndithu. Mankhwala aliwonse, anatero, ali ndi masiku ake oti mudikire mukapopera musanathyole, ndipo masikuwo amalembedwa pabotolo. Dzuwa, mphepo ndi mbewu yeniyeniyo zimafunika nthawi kuti ziphwanye poizoni.

Bambo wina anakweza dzanja.

"Alangizi, ifetu timadikira."

"Masiku angati, bambo?"

"Timapopera madzulo, n'kudikira usiku wonse."

Anthu anaseka, koma mayi wina kumbuyo sanaseke. Anati, "Alangizi, masikuwo mukawauzenso ovenda. Akabwera Lachinayi n'kupeza sindinathyole, amapita kwa mnzanga. Masamba akakhala ndi kabowo kamodzi amadula mtengo pakati. Inu nomwe dzana pamsika munadutsa repu wanga wobooka n'kukagula wosalala wa awa odikira usiku wonsewa. Ndinakuonani."

Mlangizi anayang'ana m'kope lake nthawi yaitali, kenako anati tsopano tikambirane za manyowa.

Mayiyo ananena zimene ambiri sitifuna kumva. Amene amagwira sipuleya ndi mlimi, koma amene amalamula kuti ipope ndi diso la wogula. Timafuna tsamba lopanda chilema, lobiriwira kuti biriwiri, pa mtengo wa tsamba lodwala. Mlimi amangotipatsa zimene tapempha.

Bambo wodikira usiku wonse uja si wopusa ayi. Kudimba kwake kuli mabedi awiri. La kuseri, lamasamba obookabooka, ndi la pakhomo. La kumsewu, losalala, ndi "la anthu". Tsiku lina anapita pa boma kukatsatira za chitupa, mzere unatalika, njala inamupweteka, analowa m'kalesitilanti n'kuitanitsa nsima ya mlamba. Inabwera ndi repu pambali. Anadya kuti mbale mbee, n'kuyamikira.

"Mayi, masamba okoma chonchi mumawapeza kuti?"

"Kwa inu nomwe, baba. Si mwana wanu anabweretsa m'mawa uno?"

Akuti bamboyo anapita pachipatala wapansi, akuyenda pang'onopang'ono kuti poizoni asakhutukire mumtima. Sanamupeze ndi kanthu. Koma kuyambira pamenepo, akamapita pa boma amanyamula mbatata yootcha m'thumba.

* * *

Mdzukulu wa gogo wina wa kufupi ndi dambo la Ndindi anabwera kuchokera ku Blantyre. Mtsikana wophunzira, wa botolo la madzi m'manja. Atangokhala pamphasa analengeza kuti iye masiku ano amadya za oganiki zokhazokha, zolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala, ndipo m'tauni n'zodula kwambiri.

Gogo anamvetsera, kenako anafunsa kuti abwerezenso.

"Zopanda feteleza, agogo. Zopanda mankhwala."

"Ndiye anthu amalipira zambiri?"

"Kwambiri."

"Mwanawe, ndiye kuti ine ndakhala ndikudya za anthu olemera moyo wanga wonse, ndikulira."

Madzulo anamuphikira sangowa, amene kumtunda amati cham'mwamba, wothyola pa mpanda. Mawa lake bonongwe womera yekha pakhola la mbuzi. Zotsekemera zinali masawu ndi malambe. Mtsikana ankajambula mbale iliyonse n'kutumiza pa WhatsApp. Tsiku lachitatu gogo anatulutsa nyika, timizu ta m'dambo timene anthu a kuno amakavuula chaka cha njala, madzi ali m'khosi.

"Izi ndiye zenizeni," anatero gogo. "Palibe anazibzala, palibe anazipopera."

"Nanga tizilombo sitiwononga?"

"Nkhabe. Zili ndi mlonda."

"Ndani?"

"Ng'ona. Mawa ukavuule wekha, uone mtengo wake."

Mtsikana anati wakumbukira kuti ali ndi mitingi Lolemba.

* * *

Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo, zochokera ku America, zitalowa m'dziko muno, zinadya chimanga mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Mbozi imeneyi imabisala mu mtima wa chimanga momwe mankhwala safika bwino, ndipo alimi anayesa chilichonse: mchenga, phulusa, sopo wa ufa, madzi a masamba a nimu osinja. Ena anatulukira msuzi wa nsomba. Amauwaza pa chimanga, fungo limaitana nyerere, nyererezo zimagwira mbozi. Nzeru ndithu, ndipo palibe amene anagonekedwa nayo m'chipatala.

Koma m'banja lina inafika kwa ankhoswe. Bambo anabwera kuchokera kudambo fungo la makakana lili ponseponse pabwalo. Anasamba m'manja mokondwa. Anavundukula mbale, therere.

"Mayi a mwana, nsomba ija ili kuti?"

"Msuzi wapita kumunda."

"Nanga nsombayo?"

"Ana."

"Ndiye pakhomo pano chimanga chikudya msuzi, nyerere zikudya nyama, ine therere?"

"Inu mukabereka chisononkho tidzakuthirani."

* * *

Za kutsuka ndisazidutse, chifukwa pali mayi wina woyandikana nane amene anamva pa wailesi za mankhwala otsalira m'ndiwo, n'kuchapa kabichi ndi sopo wa ufa. Banja lonse linadya ndiwo zonunkhira malaya a pasukulu, ndipo wamng'ono anati akageya akuona thovu.

Sopo ngwosafunika. Madzi oyera ambiri, kutikita ndi manja, kutaya masamba akunja a kabichi, kusenda zosendeka, zimachotsa gawo lalikulu la mankhwala okhala pamwamba monga kaufa ka Dithane kaja. Vuto ndi enawa monga dimethoate, amene amalowa m'kati mwa mbewu n'kuyenda ndi madzi ake. Amenewo ungatsuke mpaka Shire ataphwa. Chowachotsa ndi masiku aja amene mlangizi ankanena.

Ndipo wodya sindiye woyamba kumwa poizoni. Woyamba ndi wopopera, amene amayenda m'munda chifuwa pamtunda, wopanda nsapato, sipuleya ikudontha kumsana, mphepo ikubwezera nkhungu kumaso. Bungwe lina linagawira kalabu ya alimi maovolosi, magambutsi, magolovesi ndi zotseka pamphuno. Patapita mwezi anabwera kudzaona. Anapeza tcheyamani akupopera atavala kabudula yekha.

"A tcheya, zovala zija zili kuti?"

"Zilipo, bwana, zosungidwa bwino."

"Bwanji simunavale?"

"Ndinavala tsiku limodzi. Mankhwala akanandipha patapita zaka, koma ovolosi ija inkafuna kundimaliza isanakwane 10 koloko."

Magambutsi anaoneka Loweruka pa ukwati, atapukutidwa, tcheyamani ali kutsogolo kwa perekaniperekani.

Opopera akamaliza, sipuleya amakaitsukira m'khwawa. Cypermethrin ndi mdani woopsa wa nsomba ndi njuchi, kadontho kochepa kamakwana. Ana akapeza timatemba tikuyandama chagada amathamangira kunyumba akufuula kuti lero Mulungu wakumbukira. Iyi ndiye sindiseka nayo. Chimodzimodzi kachigubu kotha mankhwala kamene kamakhala ndi chivindikiro chabwino kwambiri moti palibe amafuna kukaboola n'kukakwirira, ndipo mawa lake umakapeza muli mchere, mwina thobwa la mwana wopita kukaweta mbuzi.

* * *

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, pa boma panadzaza magalimoto oyera a mabungwe. Ena mwa ogwira ntchito anali azungu, ena a ku Lilongwe, ndipo akafika pamsika ankachita zodabwitsa. Ankatembenuza tsamba, akapeza kabowo n'kumwetulira. Mmodzi anapeza mbozi yamoyo pa mpiru wa mayi wina, anaitana anzake, anagula mpiru wonse osanenerera. Ati ngati mbozi ikudya n'kukhala moyo, ndiye kuti munthunso akhala.

Mayiyo anaona kuti apa pali bizinesi. Asanamange masamba anapempha kuti mboziyo itsale. Anaiika m'kabokosi ka machesi, n'kumaidyetsa. Galimoto yoyera ikaima, mbozi pa ntchito. Ikachoka, mbozi m'bokosi. Anzake ataona anayamba kubwereka, ndipo iye anaika mtengo wa pa ola. Wina wopanda ndalama yobwerekera anatenga msomali n'kuboola repu wake wothira mankhwala dzulo, mabowo ofanana bwinobwino m'mizere, moti mzungu anafunsa ngati mbozi za kuno zinapita kusukulu.

Alimi osathira mankhwala alipo ndithu m'chigwa muno, a manyowa a ng'ombe ndi mbuzi, a nimu ndi phulusa. Koma pamsika masamba awo ndi a woboola ndi msomali amakhala pa thebulo limodzi, mtengo umodzi, popanda pepala lowasiyanitsa. Chiphaso cha oganiki chimafuna oyendera minda ndi ndalama zimene mlimi wa mabedi asanu sangazione. Ndiye umboni wonse unatsalira pa kanyama ka m'bokosi la machesi.

Bizinesi inayenda mpaka m'mawa wina mayi uja anatsegula bokosi pamaso pa kasitomala, n'kupeza mbozi yauma gwa, yadzikulunga, siikugwedezeka.

"Yafa?" anafunsa kasitomala, akubweza mpiru pathebulo.

"Siinafe, bwana, ikusintha. Ikufuna kukhala gulugufe."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti masambawa ndi abwino?"

Mayiyo anatembenukira kwa mwamuna wake amene anali kuwodzera pa thumba la anyezi.

"Bambo a mwana, tadzukani mudye tsamba ili bwanawa aone."