A Mukhito Ali Pakamwa pa Tauni

Chilengezereni mayina a nduna zatsopano kumapeto kwa Okutobala 2025, mu Lilongwe muno muli dzina limodzi lomwe lakana kuchoka pakamwa pa anthu. Nduna zina anthu anazikamba tsiku limodzi n'kuzisiya. Koma a Peter Mukhito, amene apatsidwa unduna woona za chitetezo cha m'dziko, akukambidwabe m'maminibasi a ku Area 25, pa bawo ku Kawale, kometera tsitsi ku Biwi, ngakhalenso pamzere wa mafuta pomwe munthu amakhala ndi nthawi yokwanira kufotokoza mbiri ya mnzake kuyambira kumutu mpaka kumchira. Chondisangalatsa ine n'choti aliyense ali ndi Mukhito wakewake, ndipo aliyense akulumbira kuti wakeyo ndiye weniweni.

Apolisi opuma ntchito ndiwo akuikamba nkhaniyi monga eni ake. Pa bawo lina ku Kawale pamakhala madala amene anapuma ali sub-inspector, ndipo mpaka lero nsapato zawo zimawala ngati mawa kuli perete. Anyamata atawafunsa kuti munthu amafika bwanji pa Inspector General, iwo anaimitsa masewera, natapa nkhomo kudzaza dzanja, n'kuyamba kuponya imodziimodzi m'maenje. Yoyamba konsitebulo. Yachiwiri sajeni. Yachitatu anayamba aifumbata kaye pang'ono, poti ndi pomwe iwo anathera. Kenaka inspector, ma superintendent otsatizana atatu, ma commissioner ndi owathandizira awo, mpaka maenje asanu ndi atatu a mzerewo anatha nkhomo zikadali m'manja.

"Ana inu," anatero madalawo, "kuchokera pomwe amakumeta mpala ku Kanjedza kukafika mu ofesi yaikulu ija ku Area 30, ambirife timatsikira panjira."

Mnzawo wosewera naye, amene sanavalepo yunifolomu chibadwire, anati makwererowo ali ndi njira yachidule. Anakumbutsa kuti a Mukhito asanakhale mkulu wa apolisi mu 2009 ankatsogolera apolisi olondera Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo woima pafupi ndi chitseko cha galimoto ya bwana ndi amene bwana amamudziwa nkhope. Madala aja sanakane, komanso sanavomere. Anangoti kulondera mtsogoleri wa dziko si ntchito yopatsa munthu wogona tulo, ndipo nyota sizigwa paphewa pa munthu chifukwa chotsegula chitseko chokha. Mkangano wawo weniweni uli pena. Kodi nduna imene inakhalapo mkulu wa apolisi ikachitiridwa sawatcha iyankhe bwanji, popeza tsopano yavala suti ndipo kumutu kulibe chipewa? Mnzawoyo akuti ingoima njo, manja m'mbali, monga nduna ina iliyonse. Madala akuti dzanja limene lazolowera kukwera pamphumi silipempha chilolezo, lidzakwera lokha. Anabetcherana botolo la Fanta, ndipo onse akudikira perete yoyamba pa TV.

Pamzere wa mafuta nkhani ndi ya Chanco. Bambo wina wa Sienta, amene anali wophunzira ku Chancellor College ku Zomba mu 2011, anatsamira boneti n'kuwafotokozera anzake mmene pa 12 Febuluwale chaka chimenecho a Mukhito anaitanitsira Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale, kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi. Chitsanzocho chinali choti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kuutsa anthu, monga momwe anthu anaukira ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anafunsa funso lomveka bwino: mawu oyankhulidwa m'kalasi anafika bwanji m'khutu mwa apolisi? Anasiya kuphunzitsa, akufuna chipepeso komanso chitsimikizo choti pakati pa ophunzira palibe akazitape. Bingu anaikira kumbuyo mkulu wa apolisi wake, nati munthuyo sapepesa. Aphunzitsi anayi, a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin, anachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro anaima miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, kufikira anayiwo atabwezeredwa pa ntchito mu Okutobala.

Dalaivala wa lole yomwe inali kumbuyo anamvetsera zonsezi atagwira chigubu. Kenaka anafunsa: "Ndiye achimwene, mukuti munthuyo anaitanidwa chifukwa chonena kuti mafuta akusowa? Tonse tili pamzere panofe tingakwane mu chitokosi cha ku Area 3?" Anthu anaseka mpaka wina anaiwala kusuntha galimoto mzere utayenda, malipenga ali pipii kumbuyo.

Wa Sienta uja anali asanamalize. Anayamba kuwerenga pa zala. A Chinsinga anadzakhala nduna ya maboma aang'ono mu 2022, mu ulamuliro wa a Lazarus Chakwera. A Kabwila anakakhala phungu wa ku Salima, kenaka nduna ya maphunziro a ukachenjede. A Mukhito ndi awa, nduna. Ndipo amene anali nduna ya maphunziro pomwe mkanganowo unkayamba, a Peter Mutharika, alowanso ku State House kachiwiri atapambana chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. "Onse ndatchulawa alawako unduna," anatero, "kupatula ife amene tinkakhala pa benchi. Ine digiri yanga inachedwa, ndipo bambo anga anagulitsa mbuzi zowonjezera." Anaseka yekha, anzake n'kumuthandiza. Ine ndinakondwa kuti m'kuseka konseko panalibe amene anati aphunzitsiwo ankalimbira zachabe. Ufulu wa maphunziro unalembedwa mu gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, ndipo anthu amene anataya malipiro ndi tulo pouteteza anatigwirira ntchito tonse, ngakhale amene sitinapondeko ku Chanco.

Pali malo amodzi pomwe kuseka kumaduka. Mu saluni ina ku Area 25, mayi wina wochokera ku Mzuzu anamva atsikana akuyamikira kuti unduna wapita kwa munthu woidziwa polisi kunja ndi mkati. Anadikira kuti amalize kumuluka mzere womwe anayamba, kenaka anangotchula tsiku: 20 Julaye 2011. Pa zionetsero za tsiku limenelo ndi lotsatira lake anthu 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, ndipo ena anaikidwa pamodzi ku manda a ku Zolozolo. Bungwe lomwe linafufuza nkhaniyi linapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso. Mkulu wa apolisi nthawi imeneyo anali a Mukhito. Mayiyo sananyoze munthu. Anati iye akudziwa makomo omwe tsiku limenelo likafika saphika nsima ya masana. Atsikana aja, amene mu 2011 anali ku pulayimale, anakhala chete, ndipo mmodzi anatsitsa wailesi. Ndikuona kuti mayiyu anachita bwino kunena. Munthu akapatsidwa udindo woyang'anira mfuti za boma, mbiri yake imayenera kuwerengedwa yonse, ndipo anthu a ku Mzuzu ali ndi ufulu woyembekeza kuti nduna imene inaona tsiku limenelo ili pa mpando ikhala yoyamba kuletsa kuti lisadzabwerenso.

Kometera ku Biwi akuti mpando wa mkulu wa apolisi ndi wotentha, ndipo umboni ali nawo. Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, mayi Joyce Banda analumbira pa 7, ndipo pasanathe sabata a Mukhito anali atachoka, m'malo mwawo mutalowa a Loti Dzonzi. Wometa analonjeza kumeta ulere aliyense amene angatchule onse amene akhalapo kuchokera apo osaphonya. Mnyamata wa kabaza anayesa, nasokonezeka pa wachitatu. Mphunzitsi wina wa ku sekondale, nsalu ili m'khosi, anawandanda bwinobwino: a Dzonzi, a Paul Kanyama, a Lexten Kachama, a Rodney Jose, a Duncan Mwapasa, a George Kainja, mayi Merlyne Yolamu, ndi a Richard Luhanga amene analowa mu 2025. Anthu asanu ndi atatu m'zaka 13, chonsecho malamulo amamupatsa munthu zaka zisanu pampandowo. Wometa anayesa kuzemba ponena kuti ena mwa iwo ankangogwirizira, koma anthu anamukaniza, ndipo aphunzitsi anatuluka ndi ndalama yawo m'thumba.

Mayi wina amene anabwera kudzametetsa mwana anaonjezerapo dzina lomwe abambowo sanalitchule chifukwa ndi la m'mbuyo. Anati mayi woyamba kukhala pa mpando umenewu anali a Mary Nangwale, amene Bingu anawasankha mu 2004, koma Nyumba ya Malamulo inawakana mu 2005, nthawi yomwe Pulezidenti anali atangotuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP ndipo aphungu otsutsa anali ndi mkwiyo. Panadutsa zaka 17 kuti mayi wina, a Yolamu, avomerezedwe. Apa mpomwe pagona vuto la mpandowu. Pulezidenti amasankha, aphungu amavomereza, ndiye boma likasintha mkulu wa apolisi amayamba kulongedza mabuku asanauzidwe. Dziko limafuna wapolisi wotumikira malamulo, koma njira yomulowetsera ndi yomutulutsira imadutsa pakhomo pa andale.

Za moyo wa a Mukhito atavula yunifolomu, tauni imazidziwa pamtima. Mu ulamuliro woyamba wa a Peter Mutharika anali mkulu woyendetsa ntchito za ku State House. Boma litasintha mu 2020 anamangidwapo pa nkhani ya simenti yolowa m'dziko muno osalipira msonkho. Mu Ogasiti 2024, pa msonkhano waukulu wa DPP ku Blantyre, anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa chipanicho. Wa kabaza uja anati zimenezi n'zoyenera filimu: munthu kulamula apolisi, kumangidwa ndi apolisi, kenaka n'kukhala nduna ya apolisi omwewo. Wometa anamudula msanga, lumo lili m'mwamba, kuti kumangidwa si kupezeka wolakwa, ndipo woweruza ndi khoti osati shopu yake. Agogo ena amene ankadikira pa benchi anangoti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, ndipo anati mawuwa akuwauza wapolisi aliyense amene amakankhira munthu mu chitokosi ndi bondo.

Ena alibe nazo ntchito za kale, akufuna za mawa. Undunawu si wa apolisi okha, ulinso ndi ndende, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, komanso ziphaso za unzika. Mtsikana wina wofuna kupita ku Johannesburg akuti a Mukhito akhale amene akhale, iye akufuna pasipoti yake, poti sanaiwale mmene kusindikiza mapasipoti kunaimira kumayambiriro kwa 2024. Makondakitala akufuna kudziwa ngati ma rodibuloko achepe. Aneba olondera usiku ku Mtandire akufuna matochi ndi mawizilo, komanso kuti akagwira wakuba asamakumane naye pamsika mawa lake akuwaseka. Bambo wina anafunsa mokweza mu minibasi kuti ngati belo ya kupolisi ndi yaulere, monga zalembedwera pa makoma a mapolisi, n'chifukwa chiyani anthu amayamba agulitsa nkhuku akamapita kukatenga m'bale wawo. Funso limeneli linakhala kaye lopanda woliyankha, ngakhale pa mpando wakutsogolo panali wapolisi wamkazi atavala yunifolomu. Iye anangotembenuka n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, akakuuzani kuti mulipire, funsani dzina lake ndi nambala yake, mukadandaule." Bamboyo anati zikomo, ndipo anaoneka kuti wadabwa kuyankhidwa bwino chotero.

Mu minibasi yomweyo munali mayi wina, mkazi wa sajeni, wokhala ku malayini a polisi. Iye ndi amene anandikhudza kwambiri, chifukwa sanakambe za Chanco kapena za chipani. Anafotokoza nyumba yawo: zipinda ziwiri, ana anayi, mlamu wogona pabalaza, ndi malata omwe anakhomedwa iye asanabadwe. Mvula ikayamba amaika mabeseni atatu, limodzi pafupi ndi bedi, ndipo yunifolomu ya mwamuna wake amaikulunga mu pepala la pulasitiki kuti m'mawa akaoneke bwino pa perete. Anati anamva za nyumba 10,000 zomwe boma linalonjeza kumangira achitetezo, ndipo zina anaziona ndi maso zitamangidwa, koma dzina la mwamuna wake silinatulukebe. Anthu amene amanyoza apolisi tsiku ndi tsiku anamvetsera mwachifundo, ndipo kondakitala, amene ndi mdani wa apolisi a pamsewu, anavomereza kuti munthu wogona ponyowa n'kovuta kuti m'mawa amwetulire pa rodibuloko.

Wina anamufunsa ngati akuganiza kuti nduna yatsopanoyi ithandiza. Mayiyo anati nduna zina zimafunika kuzifotokozera kuti malayini n'chiyani, koma uyu ndi wapolisi, safunika womasulira. "Angobwera kwathu Disembala mvula itagwira," anatero. "Ndidzawaphikira tiyi, ndipo mpando ndidzawaikira pomwe timaika beseni lalikulu."

Kondakitala anaseka mpaka anaiwala kumufunsa ndalama, ndipo mayiyo anachita kumukumbutsa yekha potsika.