Makasitomala atandichulukira ndinawatumizira galu

Aliyense woyamba geni amakonzekera kusowa ogula. Inenso ndinakonzekera ndithu. Mawu okauza mayi a kunyumba ndinali nawo kale: kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu alibe ndalama, vuto si ine. Zoti ogula angabwere onse pakamodzi, m'mutu mwanga munalibe.

Katundu wake unali mpunga wa Kilombero, matumba awiri a makilogalamu 50 amene mlamu wanga anakweza pa basi ku Karonga. Lendi ya shopu ndinaikana. Ndinangojambula mpunga uli m'lichero n'kuuika pa WhatsApp ndi pa Facebook, pansi pake nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, kenako mawu amene ndinawalemba ndili wokhuta: "Tikubweretserani pakhomo ulere."

Mwana wa achemwali anga, popanda womutuma, anaponya chithunzicho m'gulu la amayi a banki m'khonde. Masiku ano gulu limodzi la WhatsApp limalowa anthu mpaka 1,024, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo onse anali ndi alendo. Foni inayamba kuvina yokha patebulo. "Ulipo?" "Kilo mukupanga bwanji?" "Achimwene, ndatumiza kale, taonani." Wina ali ku Area 25, wina ku Kawale, wina ali ku Johannesburg akuti ndikasiye kwa amayi ake ku Mitundu, ulere, monga momwe ndinalembera ndekha.

Anyamata a makompyuta amati tsamba la pa intaneti limagwa anthu akalichulukira, chifukwa seva, kompyuta imene imasunga tsambalo, ili ndi malire a anthu amene ingawayankhe nthawi imodzi. Akuti ochenjera amabwereka maseva ena oonjezera, ndipo asanatsegule amayamba adziponyera okha ogula abodza ambirimbiri kuti aone pamene zithyokere. Seva yanga ine inali chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndipo palibe anachiyesapo.

Chinayamba kutha ndi bandulo. Ndikuthamangira kukagula mayunitsi, magetsi thi! Batire ili pa mzere wofiira. Maoda ndimalemba kuseri kwa kalendala, koma amayi atatu anali ndi dzina limodzi, ndipo mmodzi mwa iwo analandira mpunga kawiri osanena kanthu (Mulungu awaone). Wakabaza amene tinagwirizana naye anapita ulendo wa ku Area 25, atabwerako anati mtengo wasintha chifukwa sindinamuuze kuti nyumbayo ili kuseri kwa dambo. Pofika madzulo matumba onse anali pululu, koma ndalama zikulowabe. Anthu inu, palibe chinthu choopsa ngati ndalama yolowa katundu atatha. Kulira kulikonse kwa foni kunali ngongole yatsopano, ndipo mwa olipira kalewo munali apongozi anga.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi nkhani ya Amazon. Mu Julayi 2018, tsiku lawo lotsitsa mitengo lotchedwa Prime Day litangoyamba, tsamba lawo linasokonekera, ndipo ogula ambiri m'malo mwa katundu ankangoona zithunzi za agalu ndi mawu opepesa. Jeff Bezos, woyambitsa Amazon, ndi ndalama zake zonse zija! Ndiye kuti ine ndi iyeyo tili m'gulu limodzi, amalonda ogwetsedwa ndi chikondi cha anthu.

Poti akuluakulu anaonetsa kale njira, ndinajambula galu wathu atagona pa thumba lopanda kanthu n'kutumizira onse amene amandikalipira, ndi mawu akuti pepani, zinthu zibwerera mwakale posachedwa. Ambiri anapitiriza kutukwana. Koma awiri anafunsa ngati galuyo anabayitsidwa katemera wa chiwewe, ndipo bambo wina wa ku Likuni watumiza kale theka la ndalama, akuti ndimubweretse Loweruka, pakhomo, ulere.