Kompyuta yaulula za jekete langa

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa aliyense m'tauni muno ali ndi yankho limodzi: "Ndi dola, bwana." Tomato dola, bonya dola, ngakhale makala ochokera kuseri kwa phiri lomweli dola. Ndiye laputopu yanga itayamba kudandaula kuti yadzaza, ndinapita ku Limbe kukafunsa mtengo wa hadi disiki. Mnyamata wa m'shopu anatchula ndalama yoti kumudzi mungagule mbuzi ndi chingwe chake chomwe. Ndinafunsa ngati disikiyo imabwera ndi ntchito yolembedwa kale. Sanaseke.

Anandipulumutsa ndi mphwanga, mwana wa achemwali, amene akuphunzira za makompyuta. "Amalume, malo muli nawo. Kungoti chinthu chimodzi mwachisunga kambirimbiri." Anati tiikemo dupeGuru, pulogalamu yaulere yosaka mafayilo obwerezabwereza. Ine ndinangomva poti yaulere, zinazo anachita kubwereza. Bandulo yokoperayo inatuluka m'thumba mwanga ndithu. Poyiika, Windows inachenjeza kuti mwini pulogalamuyo sikumudziwa, chikhalirecho nyimbo zonse zothiritsa kumsika inazilandira osafunsa kwawo.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Imayamba yaona kukula kwa mafayilo. Awiri akalingana, imawawerenga m'kati n'kutulutsa chidindo cha manambala chimene anyamatawa amati hash. Zidindo zikafanana, fayiloyo ndi imodzi, ngakhale mutaipatsa dzina lachikhristu. Apa m'pamene "CV yomaliza", "CV yomaliza yeniyeni" ndi "CV ya ku NGO" zinapezeka kuti ndi chikalata chimodzi, osasiyana ngakhale kadontho. Duwa la "mwadzuka bwanji" lija nalo linatulukira ku gulu la WhatsApp la mpingo, la abale ndi la anzanga a ku sekondale, lofiira lomwelo. Tinafufuta. Mpaka apa ine ndi makina tinali pa ubale.

Mlandu unabuka mphwangayo atasankha mbali ya zithunzi zongofanana. Kumeneko pulogalamuyi imagawa chithunzi m'timabokosi, 15 chopingasa 15 chotsika, n'kuona mtundu wa kabokosi kalikonse, kenako kuyerekeza ndi zithunzi zina. Pali poti musankhe kuti ikhwimitse bwanji kufananako, ndipo mwanayo anaifewetsa dala. Posakhalitsa inasonkhanitsa gulu limodzi lalitali: ine ndikupita ku chinkhoswe cha mlamu, ine ndikupita ku ubatizo wa mwana, ine ndikupita ku intavyu, ine ndikupita ku msonkhano wa makolo kusukulu. Zaka zosiyana, khoma la nyumba lomwelo, kaimidwe komweko, jekete lofiirira lomwelo. Chigamulo cha makina: chithunzi n'chimodzi, sungani chimodzi.

Ndinadziteteza kuti tayi imasintha. Mphwanga anati tayi yangayo sidzaza ngakhale timabokosi tiwiri. Ndinati pa chithunzi cha intavyu nkhope ili ndi chiyembekezo. Anati chiyembekezo pulogalamuyi siwerenga. Mayi a kunyumba, amene anali kusankha mpunga chapafupi, sanadzutse n'komwe mutu: "Bambo a mwana, makinawo anena zomwe ndakhala ndikunena ine. Kungoti iwo mwawamvera."

Koma jekete limeneli musalipeputse. Ndinalisankha ndekha pa kaunjika kwacha ikadali ndi mano. Laona ndalama yathu ikugwa mu 2012, mu 2022 ndi mu 2023, ilo osatsika mtengo ngakhale tambala, poti palibe anafunsapo. Laona apulezidenti akulowa, akutuluka, ena n'kubwereranso. Pa maliro ndi lachisoni, pa ukwati ndi lachimwemwe, kubanki limaoneka ngati lingabweze ngongole. M'nyumba muno ndi katundu yekhayo amene sanandiuzepo za dola.

Chimene chinandisowetsa tulo n'china. Ine ndine munthu mmodzi m'jekete limodzi, ndipo kapulogalamu kaulere kandigwira madzi a tiyi asanawire. Nanga bwanji munthu mmodzi wovala majekete asanu pa mndandanda wa malipiro a boma, kapena mayina a mizukwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, amafunika komiti, kafukufuku ndi msonkhano wa kunyanja? Mu 2017 tonse tinaima pamzere padzuwa n'kudinda zala kuti tilandire chitupa cha unzika. Zala sizibwerekanidwa. Ndipo tisanamizane kuti ku Capital Hill sadziwa kufufuta: pa Cashgate mu 2013, zolembedwa za malipiro zinkasowa m'makompyuta a boma a IFMIS bwinobwino. Luso lilipo, limangolakwitsa fayilo, ndipo mankhwala amene akusowa m'zipatala ndi omwe amalipira kulakwitsako.

Inu anzanga a malaputopu odzaza, ikani pulogalamuyi, koma musailole kusankha yokha. Zongofanana muziyamba mwaziona ndi maso, ndipo zofufuta zidzere mu Recycle Bin kuti mukasintha maganizo muzipeze. Zithunzi za jekete ine ndasunga zonse, poti ndi umboni woti ndinkaitanidwa. A ku Capital Hill, pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo mukasowa bandulo yokopera nenani, tisonkherana.