Ulemu kwa Injini Yosadziwa Kunama

Anthu akamawerenga zinthu zazikulu zimene dziko la America linapatsa dziko lapansi, amathamangira kutchula ndege ya abale a Wright, babu la Edison ndi ulendo wa ku mwezi. Palibe amene amaimirira n'kutchulako chitsulo chobiriwira, chonyezimira ndi oyilo, chimene chinagonthetsa madalaivala a malole kwa zaka zoposa 50. Kusayamika kumeneku kwafika pauchimo. N'chifukwa chake lero ndaima pabwalo kuti ndiombere m'manja injini ya dizilo ya masitiroko awiri, makamaka ya Detroit Diesel: mfumu ya phokoso, mwini utsi, mataya amene sanaimepo pamalo n'kuchoka osasiyapo kanthu.

Tiyambe ndi khama lake. Injini za m'magalimoto athuwa ndi za masitiroko anayi. Pisitoni imatsika kukoka mpweya, imakwera kuupanikiza, imatsika mafuta atayaka, kenako imakweranso kukankha utsi. Maulendo anayi, koma wogwira ntchito ndi umodzi basi, enawo ndi okonzekera ndi kusesa. Agogo athu a Detroit anaona kuti umenewo ndi ulesi. Kwa iwo pisitoni ikatsika ndiye kuti yatsika ndi moto, ulendo uliwonse, popanda tchuthi. M'munsi mwa silinda muli timabowo tozungulira khoma lonse. Pisitoni ikafika pansi timabowoto timatseguka, ndipo blower, chipangizo choyendetsedwa ndi magiya chokhala m'mbali mwa injini, imathira mpweya watsopano mwamphamvu. Mpweyawo umapitikitsa utsi kudzera m'mavalavu a pamwamba, pisitoni n'kukwera, mafuta n'kulowa, moto buu! Kupuma ndi kugwira ntchito zimachitikira limodzi. Silinda iliyonse ili ndi injekita yakeyake imene ilinso pampu payokha. Ikangolira, injiniyi sifuna kompyuta, sifuna batire, sifuna malangizo a munthu aliyense, ndipo za kusafuna malangizozi tibwerera.

Mtundu wake ndi wodziwika, si wotola panjira. Mu 1930 kampani ya General Motors inagula kampani ya Winton ya ku Cleveland, ndipo mkulu wa zofufuza Charles Kettering analimbikira kuti dizilo ya masitiroko awiri ichepe thupi mpaka ikwane m'sitima ya pamtunda, kenako mu lole. Mu 1938 kunabadwa Series 71. Nambalayo ndi kukula kwa silinda imodzi m'miyeso ya ku America, yomwe kwathu kuno ndi lita imodzi ndi kachidutswa. Wofuna mphamvu yochepa ankagula ya masilinda awiri kapena atatu. Wa lole ankatenga 6-71, ya malita pafupifupi 7. Kuyambira mu 1957 masilindawo anayamba kuwayala mizere iwiri, kukhala 6V71, 8V71, 12V71 mpaka 16V71. Pisitoni ya kamwana inkalowa mwa kholo popanda vuto, moti makaniko wodziwa imodzi ankadziwa mbumba yonse. Ndi banja liti lina limene anthu ake amabwerekana ziwalo mosanyinyirika chotere?

Tsopano mawu ake. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ananena asanamve lole ya GMC ikukwera chitunda. Poti moto umayaka pa kuzungulira kulikonse, injiniyi ikamazungulira ka 2,100 pa mphindi khutu limamva ngati ikuzungulira ka 4,200, ndipo pamwamba pake blower imathirapo likhweru lake. Madalaivala anaitcha Screaming Jimmy chifukwa cha kukuwako. Onyoza amati limeneli ndi phokoso. Ine ndimati ndi ulemu. Lole yotere sinadzidzimutsepo munthu pamsewu. Mkazi wa dalaivala ankateleka madzi osamba mwamuna wake adakali tsidya lina la tauni. Wangongole ankadziwa nthawi yabwino yokaima pachipata. Ndipo dalaivala amene wakhala pamwamba pa injiniyi zaka zambiri, m'kakhumbi ka chitsulo kopanda chotsekereza phokoso, ankapuma pantchito ali ndi mphatso imene amuna ambiri amailakalaka: makutu osamva zokangana za pakhomo.

Nanga kupatsa kwake? Injini zina zimaumira, zimasunga oyilo m'mimba ngati kuti zidzapita naye kumanda. Iyi ayi. Inkadontheza m'magasiketi, inkadontheza m'mbali mwa blower, ndipo amisiri amene anaipanga, podziwa mtima wake, anaiikira dala timapaipi totulutsira madzi ndi oyilo zosonkhana m'chipinda cha mpweya. Mayina ena amene anaipatsa, Driptroit ndi Green Leaker, anachokera pa khalidwe limeneli. Kupatsa n'kuika, ndipo phindu lake linkaoneka. Kunsi kwa lole kunkakhala konona chaka chonse, dzimbiri osapeza polowera, ngakhale m'madera amene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Dalaivala woiwala pamene anaimika dzulo ankangoyang'ana pansi. Amakaniko a kumeneko ali ndi nthabwala imene ili ndi choonadi mkati: Detroit ikasiya kudontha usasangalale, thamanga ukathiremo oyilo chifukwa watha. Komanso si oyilo wamba amene imalandira. Imafuna wolemera wa giredi imodzi, wa nambala 40, wosasiya phulusa lambiri. Wopatsa weniweni sagawa zinthu zotchipa.

Injiniyi inalinso mphunzitsi wa khama. Mphamvu yake yeniyeni imapezeka pa kampata kakang'ono, kuyambira cha m'ma 1,800 mpaka 2,100 pa mphindi. Ukailekerera kuti itsike pansi pa pamenepo itasenza katundu, imatentha, imatsokomola utsi wakuda, ndipo masiku ake amachepa. Choncho dalaivala ankakhala akusintha magiya tsiku lonse: magiya 10, magiya 13, ndipo malole ena anali ndi ndodo ziwiri za magiya, moti pa chitunda munthu ankalowetsa mkono m'chiwongolero kuti manja onse awiri agwire ntchito. Malangizo a akale kwa wophunzira anali akuti usanakwere udzimenyetse chala pachitseko, kuti uyendetse uli wokwiya. Taonani nzeru. Masiku ano makampani amalipira ndalama zambiri kugula makamera oyang'anira dalaivala kuti asawodzere. Kodi alipo anawodzerapo chala chikutukusira, manja ali pa ndodo ziwiri, pansi pa mpando pakukuwa chilombo?

Koma ulemerero wake waukulu ndi ufulu wa maganizo. Dizilo sizima ndi kudula magetsi, imazima ukaimana mafuta kapena mpweya. Tsono zotsekera oyilo za mu blower zikatha, kapena kandodo koyendetsa mainjekita kakakanirira potsegula, injiniyi imayamba kudzidyetsa yokha. Imamwa oyilo wake womwe, liwiro n'kukwera, kukwerako n'kukokanso oyilo wina. Uzimitse kiyi, siikumva. Uchotse phazi, siikumva. Imangothamanga ngati ng'ombe zadzidzimuka zili pangolo, mwini wake atagwira chingwe choduka, mpaka oyilo athe kapena chitsulo chitulukire m'nthiti. Opanga anaika kachitseko pakamwa pa blower kuti pa tsiku lotere ukoke chingwe n'kuitsamwitsa. Amakaniko ochenjera amasunganso thabwa pafupi akamailiza koyamba, ndipo aliyense amauzidwa kuti asayerekeze kutsekapo ndi chikhatho. Ena amati chimenechi ndi chilema. Koma tanenani, ndi wantchito uti amene abwana atasiya kumupatsa chakudya amapitiriza ntchito, mwinanso kuwirikiza liwiro, akudya thupi lake lomwe? Nduna za zachuma zakhala zikusaka nzika yotere kwa zaka zambiri.

Ndipo si zokhazo. Lole ikazimira pachitunda n'kubwerera m'mbuyo pang'ono ili mu giya, injiniyi imatha kudzuka ikuzungulira chobwerera. Utsi umatulukira kumene kumalowera mpweya, mpweya n'kulowera ku ekizozi, ndipo dalaivala amapezeka ali ndi magiya ambirimbiri obwerera m'mbuyo ndi imodzi kapena awiri opita kutsogolo. Oyilo sayenda bwino ikatero, choncho iyenera kuzimitsidwa msanga, koma mtima wake tauona: ilibe tsankho pa nkhani ya kumene dziko liyenera kulowera.

Amene akuyesa kuti ndikutamanda chidakwa cha pamudzi afunse mbiri ya nkhondo. Mabwato a Higgins amene anatsitsa asilikali pagombe la Normandy pa 6 June 1944 ankakankhidwa ndi 6-71 yokonzedwa ndi kampani ya Gray Marine. Akasinja a Sherman a mtundu wa M4A2 ankayenda ndi ma 6-71 awiri omangidwa pamodzi, ndipo ambiri anatumizidwa ku Soviet Union. Anthu a kumeneko anaikonda mpaka mu 1947 anayamba kupanga yawo yotengera pomwepo mu mzinda wa Yaroslavl. Nthawi imene Washington ndi Moscow ankalozerana mizinga, malole a mbali zonse ziwiri ankakuwa ndi mawu amodzi ndi kudontheza oyilo mofanana. Akazembe analephera kugwirizanitsa mayiko awiriwa, koma pansi pa boneti mgwirizano unalipo. Nkhondo yaikulu ija itatha injiniyi inafalikira m'mabasi a Greyhound ndi a m'matauni, m'magalimoto ozimitsa moto, m'mabwato a asodzi ndi m'majenereta. Ngakhale anyamata a mipikisano ya liwiro anaizula blower yake n'kukaikhazika pa injini za petulo, ndipo mpaka lero mablower a mipikisanoyo amatchulidwa ndi manambala ake, 6-71, 8-71, 14-71.

Ku Britain kunali msuweni wake wodabwitsa koposa. Mu 1954 kampani ya Rootes inaika mu malole a Commer injini ya TS3, yopangidwa ku Maidstone. Inali ndi masilinda atatu ogona chammbali ndi mapisitoni asanu ndi imodzi, awiriawiri oyang'anizana m'silinda imodzi, akuthamangirana mutu ndi mutu osagundana, moto ukuyakira pakati pawo. Inalibe mavalavu, inalibe mutu wa injini, ndipo inali yaifupi moti inkabisala pansi pa mipando. Ku Australia ndi New Zealand amaikumbukira ndi dzina lakuti Commer Knocker chifukwa cha kugogoda kwake. Kampani ya Chrysler itatenga Rootes mu 1967, mng'ono wa TS3 wa masilinda anayi anafera m'mimba, ndipo TS3 inatsatira patapita zaka zochepa. Nayo kampani ya Foden ya ku Sandbach inali ndi yake, yolira mokweza ngati anzakewa. Mtundu wonsewo unalibe wonong'ona.

Nanga Detroit yathu ija chinaipha n'chiyani? Chilungamo chake. Malamulo a utsi ku America atayamba kulimba, injiniyi inalibe pobisira. Oyilo wina amapsera limodzi ndi mafuta, utsi umatuluka wooneka ndi wonunkha, ndipo mafuta imamwa mosaumira. Mu 1987 Detroit Diesel yomweyo inatulutsa Series 60, ya masitiroko anayi, yoyendetsedwa ndi kompyuta, yaulemu, yosadontha. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 agogo aja anali atachotsedwa m'malole atsopano. Sindikutsutsa kuti utsi wa dizilo umapweteka. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inauika m'gulu la zinthu zoyambitsa matendawa, ndipo mapapo a ana okulira m'mbali mwa misewu ikuluikulu sanayembekezere lipoti kuti adziwe. Koma taonani zimene anachita olowa m'malo aulemuwo. Mu 1998 boma la America linalipiritsa makampani 7 opanga injini za malole, Detroit Diesel ili pomwepo, chifukwa makompyuta a injini zawo ankadzisunga pa nthawi ya mayeso n'kumasuka akafika pamsewu waukulu. Mu 2015 Volkswagen inagwidwa ndi msampha womwewo m'magalimoto mamiliyoni. Agogo athu sakanatha kuchita zimenezo. Analibe ubongo wonamira. Utsi umene ankatulutsa pamaso pa woyeza ndi womwewo umene ankatulutsa pamaso pa mwana wasukulu, wakuda bii, aliyense akuona. Ankakupha ndithu, koma akukuyang'ana m'maso.

N'chifukwa chake sindiseka amuna a imvi amene amathera ndalama za penshoni kudzutsa malole akalewa. Amasonkhana pa zionetsero monga za American Truck Historical Society, atazungulira Peterbilt kapena GMC yopukutidwa mpaka kuwala, makatoni atayalidwa pansi pake kuti udzu wa eni bwalo usafe. Pa YouTube anthu miyandamiyanda amaonera munthu akuliza 8V71 imene yagona m'tchire zaka zambiri, ndipo ikatsokomola, n'kugwira, n'kukuwa, wojambulayo amasowa mu utsi akuseka ngati wabadwitsa mwana. Walira mvula walira matope: amadziwa kuti malaya awo sadzayeranso ndipo anansi awo sadzawapatsanso moni. Chimene akugula ndi makina amene munthu angawamvetse ndi maso, khutu ndi sipanala, amene akadwala amanena okha pamene pakupweteka, osadikira kuti abwere mnyamata wa laputopu.

Ndipo asakunamizeni kuti mtunduwu unatha. Unangochoka pamsewu n'kukwera udindo. Sitima zikuluzikulu za panyanja, zonga zimene zimatsitsa feteleza ndi mafuta pa madoko a Beira ndi Nacala, zambiri zimakankhidwa ndi dizilo ya masitiroko awiri, yotalika kuposa nyumba yosanja, yozungulira mwaulemu ka 100 pa mphindi kapena kucheperapo. Thumba limene mlimi wa ku Kasungu amathira m'munda mwake linaoloka nyanja pamsana pa m'bale wa agogo athuwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti aibwezere pamsewu, chifukwa nanenso ndili ndi mapapo ndipo ndimafuna kugona usiku. Ndikuti mzinda wa Detroit uimangire chipilala pakati pa tauni, 6-71 yeniyeni, yopakidwa utoto wake wobiriwira, kuti andale, otsatsa malonda ndi opanga makompyuta azidutsapo n'kuphunzira kuti n'zotheka kukhala ndi zilema zonse poyera n'kukondedwabe. Omanga asaiwale zinthu ziwiri: thabwa lokhala pafupi, mwina tsiku lina ingadzuke yokha, ndi beseni pansi pake.